Lipoti: seva yomwe inkagwa kumapeto kwa mwezi, ndi zomwe tinapeza titayeza CPU ndi memory

Bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama, lomwe lili ndi nthambi zingapo, limasunga zolemba za mamembala ake pa pulogalamu yapaintaneti yolembedwa mu Python ndi Django. Pulogalamuyo imakhala pa seva yalendi yakunja, yolipiridwa m'madola. Sevayo ili ndi ma core 2 (zigawo za CPU zogwira ntchito chilichonse pachokha), RAM ya 4 GB, pa nthawiyo inalibe swap (malo a pa disk othandizira RAM ikadzaza), ndipo imayendera Ubuntu 22.04 ndi kernel 5.15 (kernel ndi mtima wa Linux, woyang'anira memory ndi CPU). Kutsogolo kuli nginx, yolandira mapempho a anthu, kumbuyo kwake kuli Gunicorn, yoyendetsa pulogalamuyo, ndi ma worker 4 oyankha mapemphowo, ndipo PostgreSQL, database yosunga zolembazo, nayonso ili pa makina omwewo.

Pakati pa mwezi panalibe wodandaula. Vuto linkabwera nthawi yotseka mabuku. Akalaliki a kunthambi ankaimba foni kuti "system yagwanso", tsamba likungozungulira osatseguka, kenako n'kutulutsa uthenga wa 502 Bad Gateway. Pakapita mphindi zingapo zonse zinkabwerera zokha ngati sipanachitike kanthu. Atsogoleri a bungwelo anali atagamula kale kuti seva yachepa, igulidwe ya 8 GB ndi ma core 4, ndipo ine anandiitana kuti ndisamutse zinthu. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe bungwe laling'ono lomwe limawonjezera bilu ya madola mosangalala, choncho nditapempha kuti tiyambe tayeza, amanijala sanavute.

Zomwe manambala oyamba ankanena

Munthu amene ankayang'anira sevayo anali ndi umboni wake, ndipo umboniwo unkatsutsana wokhawokha. Magirafu a kampani yobwereketsa seva ankaonetsa CPU yosapitirira theka, ngakhale pa masiku ovutawo. Lamulo la ps aux, londandalika ma process (mapulogalamu omwe akuyenda), linkaonetsa worker aliyense akudya 1 peresenti ndi kanthu basi. Koma iye atatsegula top, chida china choonera ma process, n'kuphatikiza manambala a mzere wa RES wa ma process onse, anapeza zoposa 4 GB, pa tsiku loti palibe chovuta. Ndiye anati CPU ilibe mlandu, memory ndiye yatha kalekale.

Nambala ya ps sinali yabodza, koma inkayankha funso lina. Ps imatenga nthawi yonse yomwe process yadya pa CPU chiyambireni, n'kuigawa ndi nthawi yonse yomwe yakhala ndi moyo. Worker amene wakhala masiku ambiri akudikira, n'kugwira ntchito ya kalavula gaga kwa mphindi 4, amaoneka waulesi ndithu. Top imawerenga mosiyana: imaona zomwe zasintha kuchokera pomwe inayang'ana komaliza, ndipo ukapanda kuisintha imayang'ana masekondi 3 aliwonse. Komanso pa top, 100 peresenti imatanthauza core imodzi yodzaza, kotero pa makina a ma core 2 process imodzi ingathe kufika 200. Girafu ya kampani ija inkawerenga makina onse ngati 100. Theka la pagirafupo linali core yathunthu yotanganidwa.

Za RES zija, munthu akangoona kuti chiwerengero chaposa RAM yomwe makina ali nayo, pomwe swap palibe, ayenera kudziwa kuti china chake chawerengedwa kawiri. RES imawerenga tsamba (kachigawo kakang'ono) lililonse la memory lomwe process ikuligwira, ngakhale tsambalo likugwiridwanso ndi ma process ena. Zili ngati mabanja anayi a nyumba za lendi omwe akutunga pa mpopi umodzi: ukafunsa banja lililonse kuti bilu ya madzi ndi ndalama zingati, onse akuuza bilu yonse, ndipo ukaphatikiza upeza kanayi kuposa zenizeni. Pa seva yathu ogawana anali ambiri. Gunicorn inkayambitsidwa ndi --preload, kutanthauza kuti kholo limalowetsa Django kamodzi kenako n'kubereka ma worker, ndipo anawo amagwiritsa ntchito masamba a kholo mpaka atafuna kulembapo. PostgreSQL nayo inapatsidwa shared_buffers, memory yomwe ma process ake onse amagawana, ya 1 GB, ndipo process iliyonse yake imaonetsa mu RES gawo lonse la memory imeneyo lomwe yakhudzapo.

Nambala yoyenera kuphatikiza ndi Pss. Imeneyi imagawa tsamba lililonse logawana ndi chiwerengero cha omwe akuligwira: tsamba la 4 KB logwiridwa ndi ma process 4, aliyense amalembedwa 1 KB. Imapezeka mu /proc/PID/smaps_rollup (PID ndi nambala ya process), fayilo yomwe inabwera ndi kernel 4.14. Worker amene top inkamupatsa pafupifupi 190 MB, Pss yake inali pafupifupi theka la pamenepo. Titaphatikiza Pss ya makina onse tinapeza cha m'ma 1.7 GB, ndipo free -m inkagwirizana nazo, poti mzere wa available unali pafupifupi 2 GB. Mzere wa free wokha unali wochepa kwambiri, ndipo umenewu ndi umene umaopseza anthu pachabe. Linux sisiya RAM kukhala mbwee. Imasungamo mafayilo omwe yangowerenga, n'kuwataya pakabwera wofuna malo. Za VIRT sitinataye nazo nthawi, chifukwa imeneyo ndi malo omwe process yasungitsa papepala, osati omwe yakhalamo.

Pamenepa tinadziwa kuti pa tsiku wamba sevayo ili ndi malo okwanira. Funso linatsala linali lakuti chimachitika n'chiyani m'mphindi zochepa zija.

Wakupha worker ndi ndani

Mu log ya Gunicorn, pa nthawi zomwe akalaliki ankadandaula, munali mzere uwu: "Worker was sent SIGKILL! Perhaps out of memory?" Ambiri akaona mzerewu amati mlandu watha. Ayi ndithu. Gunicorn imalemba mawuwa nthawi iliyonse worker akaphedwa ndi SIGKILL, siginolo yopha process pomwepo, posatengera kuti wamupha ndani, ndipo nthawi zina wakuphayo amakhala Gunicorn mwini wake. Worker akapitirira nthawi yomwe anapatsidwa, yomwe mwachizolowezi ndi masekondi 30, kholo limalemba WORKER TIMEOUT, kumutumizira SIGABRT, ndipo akapanda kufa limamaliza ndi SIGKILL. Kotero uthenga womwewo umatuluka pa matenda awiri osiyana, ena a nthawi ena a memory, ndipo mankhwala ake si amodzi.

Mu log yathu munalibe WORKER TIMEOUT. Wina anali atakweza kale nthawiyo kufika masekondi 300, mu Gunicorn ndi mu nginx momwe, chizindikiro choti panali ntchito ina yochedwa yomwe anthu anaizolowera. Umboni weniweni unali mu journalctl -k, momwe kernel imalemba zake. Mphindi yomweyo panali mzere woyamba ndi "Out of memory: Killed process", dzina la gunicorn, ndi anon-rss yoposa 1.5 GB. Wakupha anali OOM killer, mbali ya kernel yomwe imasankha process yoti ife RAM ikatheratu, ndipo kawirikawiri imasankha yomwe yadya kwambiri.

Tsiku lina chomwe chinaphedwa sichinali worker koma process ya PostgreSQL, ndipo ichi ndicho chinandiopsa kuposa zonse. Process imodzi ya PostgreSQL ikafa ndi SIGKILL, kholo lake limadula malumikizidwe onse n'kuyambiranso, chifukwa silingakhulupirire kuti memory yogawana ija ili bwinobwino. Zomwe zinali zitasungidwa kale sizitayika, koma kalaliki amene anali pakati polemba ndalama za membala amangoona zinthu zitasowa pamaso pake, osadziwa ngati zalowa kapena ayi. Pa bungwe la ndalama za anthu, chimenecho si chibwana.

Kuugwira mlandu uli mkati

Log ya nginx inaonetsa kuti kugwa kulikonse kunkatsatira pempho limodzi: batani lotulutsa lipoti la mwezi mu Excel, lokhala ndi zonse zomwe mamembala asungitsa, atenga ndi kubweza. Linali ndi mizere pafupifupi 300,000 ya magawo 14, kutanthauza timabokosi toposa 4 miliyoni.

Tinagwirizana ndi akauntanti wamkulu kuti adine batanilo madzulo, nthambi zitatseka, ine ndikuyang'ana. Pazenera limodzi ndinatsegula pidstat -u -r 5, ya m'gulu la sysstat, yomwe imalemba CPU ndi memory ya process iliyonse masekondi 5 aliwonse. Pazenera lina ndinkawerenga /proc ndekha, chifukwa ndinkafuna mnzanga woyang'anira seva uja aone komwe manambala amachokera, asamaone ngati matsenga.

Mu /proc/PID/stat, gawo la 14 ndi utime, nthawi yomwe process yathera ikuyendetsa malamulo ake eni, ndipo gawo la 15 ndi stime, nthawi yomwe kernel yathera ikuigwirira ntchito. Zonse ziwiri si masekondi. Ndi timagawo ta nthawi tomwe getconf CLK_TCK imakuuza kuchuluka kwake pa sekondi, ndipo pa makina athu, monga pa makina ambiri a Linux, ndi 100. Wowerenga fayiloyi ndi pulogalamu achenjere: gawo lachiwiri ndi dzina la process, lomwe lingathe kukhala ndi mpata pakati, ndiye kuwerenga magawo kuyambire pomwe dzinalo lathera. Tinawerenga kamodzi, n'kudikira masekondi 10, n'kuwerenganso. Kusiyana kwake kunali timagawo 790, omwe ndi masekondi 7.9 pa masekondi 10, kapena kuti 79 peresenti ya core imodzi. Nthawi yomweyo ps inkanenabe 1 peresenti ndi kanthu. Mnzangayo anangoti "Aaa, ndiye zimatipusitsa chonchi?"

Memory inkakwera pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu, n'kufika pachimake fayilo ikulembedwa. Pachimakepo ndi pomwe pamaphonyeka. Girafu iliyonse yotenga pakatikati pa mphindi zingapo imasalaza nsongayo mpaka kuoneka ngati kachulu, ndipo sar, chida chosunga mbiri ya manambalawa, yomwe pa Ubuntu imalemba mphindi 10 zilizonse ukapanda kuisintha, ingathe kuidumpha yonse. Mwayi wake kernel imasunga yokha nsongayi. Mu /proc/PID/status muli VmRSS, yomwe ndi ya panopa, ndi VmHWM, yomwe ndi RSS (dzina lina la RES ija) yaikulu kuposa zonse yomwe process yafikapo chibadwire. Sufunika kukhalapo pa nthawi yake; umangobwera pambuyo n'kuwerenga, bola process isanafe. Ukafuna kuyambiranso kuyeza popanda kuipha, umalemba 5 mu /proc/PID/clear_refs ndipo VmHWM imabwerera pa RSS ya nthawi imeneyo. Izi zimatheka kuyambira kernel 4.0. Fayilo ya memory.peak ikanatiuza nsonga ya gulu lonse la Gunicorn nthawi imodzi, koma inabwera ndi kernel 5.19, ndipo yathu inali isanafike pamenepo.

VmHWM ya worker uja inafika pafupifupi 1.6 GB. Pa malo otsala a 2 GB, lipoti limodzi linkakwana mothithikizana. Awiri sakanakwana. Ndipo awiriwo sankafuna anthu awiri. Kalaliki akaona tsamba likungozungulira kwa mphindi ziwiri, amadinanso batani kapena kutsegulanso tsambalo. Worker woyamba sadziwa kuti mwini pempho wachoka mpaka atafuna kumutumizira yankho, kotero amapitiriza ntchito yake, pomwe worker wachiwiri wayamba ntchito yomweyo kuchokera pachiyambi. Sindiwaimba mlandu akalalikiwo. Batani losanena kanthu kwa mphindi 4, ndani sangalidinenso?

Chinthu chachiwiri sitinachiyembekezere. Lipoti litatha, RSS ya worker uja sinabwerere ku 190 MB. Inatsika kufika cha m'ma 800 MB n'kuima pamenepo. Choncho ngakhale malipoti atapanda kugundana, lachiwiri likagwera kwa worker wina linkapeza malo atachepa kale. Mnzanga anati imeneyi ndi memory leak, vuto loti pulogalamu imangotenga memory osaibweza. Tinayesa mosavuta: tinatulutsa lipoti lomwelo mobwerezabwereza pa worker mmodzi yemweyo, pa makina oyesera. Chikhala kuti ndi leak, nambala yotsalirayo bwenzi ikukwera ulendo uliwonse. Sinakwere, inkangobwerera pamalo omwewo. Chomwe chimachitika n'chakuti Python imasunga tinthu ting'onoting'ono, ta mabayiti 512 kapena kuchepera, m'zigawo zazikulu zotchedwa arena, zomwe kuyambira Python 3.10 ndi za 1 MB pa makina a 64-bit. Chigawo chimabwezedwa kwa kernel pokhapokha chonse chitakhala chopanda kanthu. Kanthu kamodzi kamoyo kakatsalira m'chigawo, chigawo chonse chimakhalabe m'manja mwa process. Malloc ya glibc, yomwe imagawa memory ku mapulogalamu a C, nayo ili ndi khalidwe lofananirapo. Memory imeneyo process imaigwiritsanso ntchito yokha, koma anzake saiona.

Chifukwa chiyani seva yonse inkaima

Panatsala chinthu chimodzi chosamveka. Ngati worker mmodzi yekha ndi amene ankaphedwa, bwanji nthambi zonse zinkadandaula, ngakhale omwe sanakhudze lipotilo? Bwanji ngakhale ssh, njira yolowera pa seva uli kutali, inkakanika kulowa pa nthawiyo?

Yankho lili pa zomwe kernel imachita isanaphe. Kupha imakusiya komaliza. Poyamba imataya chilichonse chomwe ingathe kudzachiwerenganso kuchokera pa disk, ndipo popeza swap palibe, chotayika ndi masamba a mafayilo okha. M'gulu limeneli muli malamulo enieni a mapulogalamu omwe akuyenda: a nginx, a Python, a PostgreSQL, a sshd. Pulogalamu ikafuna kuponya phazi lotsatira imapeza tsamba lake latayidwa, imadikira liwerengedwenso, ndipo likangolowa lina limatayidwa. Makina amakhala otanganidwa kwambiri koma palibe chomwe chikutheka. Anthu ambiri amaganiza kuti seva yopanda swap singavutike motere, koma imavutika ndithu.

Tinaziona pa makina oyesera ofanana ndi sevayo, titatulutsa malipoti awiri nthawi imodzi. Pa top, nambala ya wa, yomwe ndi nthawi yomwe CPU ikungokhala podikira disk, inalumpha. Kswapd0, mbali ya kernel yofunafuna memory yoti imasule, inakwera pamwamba pa mndandanda. Load average, nambala ya pakatikati ya ma process omwe akuyenda kapena ali pamzere, inapitirira kutali chiwerengero cha ma core, ndipo apa ndi pomwe atsogoleri anatengera maganizo oti ma core achepa. Koma pa Linux load average simawerenga okhawo ofuna CPU. Imawerenganso ma process omwe akudikira disk, aja top imawalemba D. Load ingathe kukwera CPU ili chikhalire. Chomwe chinanena zoona mosapita m'mbali ndi /proc/pressure/memory, yomwe ilipo kuyambira kernel 4.20. Mzere wake wa full umanena gawo la nthawi lomwe ma process onse ofuna kugwira ntchito anaima chifukwa cha memory. Tsiku wamba umakhala pa ziro. Malipoti awiri aja atakumana unakwera mpaka OOM killer anachitapo kanthu, kenako n'kutsika. Tinayang'ananso st, nthawi yomwe mwini makina akuluakulu amatilanda kuti apatse alendi anzathu, poti pa seva yalendi imeneyo ingathe kukhala gwero la kuchedwa. Inali pafupi ndi ziro, ndiye tinaisiya.

Kulowa m'kati mwa lipotilo

Kuti tiyeze bwino, tinachotsa ntchito ya lipotiyo m'tsamba n'kuisandutsa lamulo loyendetsa palokha, kenako n'kuliyendetsa ndi /usr/bin/time -v. Njira yonseyo ilembedwe, chifukwa kungolemba time mu bash kumaitana ina ya bash yomwe, yomwe siinena za memory. Zotsatira zake zinali izi: nthawi ya pawotchi masekondi 230, user (ngati utime ija) masekondi 165, system (ngati stime ija) masekondi 12, Maximum resident set size pafupifupi 1.6 GB, mogwirizana ndi VmHWM ija.

Manambala atatu oyambawo ndi ofunika kuwawerenga pamodzi. User ndi system zikaphatikizidwa zikupereka masekondi 177, omwe ndi 77 peresenti ya 230. Masekondi 53 otsalawo pulogalamu sinali pa CPU. Inali kudikira wina, ndipo winayo anali PostgreSQL. Ntchito ya PostgreSQL simalowa m'manambala a time chifukwa ndi process ina, si mwana wa lamulo lomwe tikuyeza. Komanso user ndi system sizinapose nthawi ya pawotchi, chizindikiro choti ntchitoyo inkayenda pa core imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Seva ya ma core 4 ikanatulutsa lipotilo m'mphindi zomwezo, ma core owonjezerawo akungoonerera. Ya 8 GB ikanaletsa kugwa kwa kanthawi, zimenezo n'zoona, mpaka mizere itachuluka kapena anthu anayi atadina limodzi.

CProfile, chida cha Python choyezera nthawi ya mbali iliyonse ya pulogalamu, inaonetsa komwe nthawi inkapita. Gawo lalikulu linali openpyxl, yomwe imalemba mafayilo a Excel, ikumanga timabokosi. Gawo lina lalikulu linali la mafunso: pa mzere uliwonse pulogalamu inkabwerera ku database kukafunsa dzina la membala, mafunso pafupifupi 300,000 m'malo mwa limodzi. Funso lililonse palokha ndi lachangu moti silingaoneke pa mndandanda wa mafunso ochedwa, ndipo n'chifukwa chake palibe anali atalizindikira.

Pa memory tinagwiritsa ntchito tracemalloc, yomwe ili m'kati mwa Python kuyambira 3.4 ndipo imanena mzere wa pulogalamu womwe wapempha memory yochuluka. Iyi iyendetsedwe payokha, chifukwa imachedwetsa pulogalamu komanso imadya memory yakeyake. RSS ndi nthawi zoyezedwa tracemalloc ili yoyatsa n'zosadalirika. Inaloza malo awiri. Oyamba anali timabokosi ta openpyxl, tomwe tonse timakhala mu RAM mpaka fayilo itasungidwa. Eni ake a openpyxl amachenjeza m'malangizo awo kuti memory ingathe kufika pafupifupi ka 50 kukula kwa fayilo ya Excel. Achiwiri anali Django, yomwe ukayenda pa QuerySet (zotsatira za funso la ku database) mwachizolowezi imasunga mizere yonse yomwe yabwera. Chiwerengero cha tracemalloc chinaperewera poyerekeza ndi RSS, ndipo m'pomveka: yankho lonse la funso lalikulu limayamba lafikira mu libpq, yolumikiza pulogalamu ndi PostgreSQL, yomwe ndi ya C ndipo imapempha memory mosadzera kwa Python.

Zomwe tinasintha ndi zotsatira zake

Kukonza kwenikweni kunali kwa mizere yochepa. Select_related ya Django inabweretsa mayina a mamembala m'funso limodzi. Iterator inachititsa kuti mizere izibwera m'magulu a 2,000, ndipo pa PostgreSQL Django imachita izi ndi cursor ya ku seva kuyambira 1.11, kotero libpq sinyamulanso zonse nthawi imodzi. Workbook, fayilo ya Excel mu openpyxl, inatsegulidwa ndi write_only=True, yomwe imalemba mzere uliwonse n'kuuiwala. Njirayi ili ndi mtengo wake: sungabwerere m'mbuyo kukasintha kabokosi komwe wadutsa kale, ndiye ziwerengero zonse zomwe akauntanti ankazifuna pamwamba pa tsamba tinayamba kuziwerengera ku database tisanalembe mzere woyamba.

Titayezanso ndi time yomweyo, pa deta yomweyo, nthawi ya pawotchi inatsika kufika masekondi 75, user 68, system 2, ndipo nsonga ya memory inali pafupifupi 150 MB. Tsopano pafupifupi nthawi yonse ili pa CPU, kudikira kwatha.

Ngakhale zinatero, lipotilo tinalichotsa m'manja mwa ma worker. Batani tsopano limangolemba pempho pamzere n'kumuuza munthu kuti lipoti likukonzedwa, ndipo silivomera pempho lachiwiri lofanana loyamba lisanathe. Ntchitoyo imayenda pansi pa systemd, woyang'anira mapulogalamu pa Linux, mu process yakeyake yomwe imabadwa, kugwira ntchito n'kufa, ndipo ikafa memory yonse imabwerera kwa kernel popanda kutsalira. Tinaiikira malire a memory (MemoryMax) a 500 MB, kuti tsiku lina wina akadzaisintha molakwika idzafe yokha m'khola mwake osakhudza PostgreSQL. Ikaphedwa motero log imanena kuti yafa ndi siginolo 9, ndipo mu shell imatuluka ndi nambala 137, yomwe ndi 128 kuphatikiza 9. Ma worker tinawaikira --max-requests ndi --max-requests-jitter kuti azibadwanso mwatsopano pakapita nthawi, osati onse pamodzi. Tinaikanso swap yaing'ono, osati kuti ikhale RAM yowonjezera, koma kuti kernel ikhale ndi china choti ichotse kupatula malamulo a mapulogalamu.

Panali chinanso chomwe tinachiona koma n'kuchisiya. Pss ya ma worker imakwera pang'onopang'ono akangobadwa, ngakhale RSS isasinthe kwenikweni, chifukwa Python imalemba pa chinthu chilichonse chomwe yakhudza pofuna kuwerenga ochigwira, ndipo tsamba logawana likalembedwapo limakopedwa n'kukhala la mwana yekha. Akatswiri a Instagram analemba za vuto lomweli mu 2017, ndipo gc.freeze ya mu Python 3.7 inachokera ku ntchito yawo. Kwa iwo, a maseva ambirimbiri, phindu lake linali lalikulu. Kwa ife a ma worker 4 ndi ma MB ochepa chabe, osayenera kusokonezera pulogalamu yomwe ikuyenda.

Kuti zisadzatidzidzimutsenso, tinasiya kapulogalamu kakang'ono ka psutil kolemba mu fayilo, mphindi iliyonse, MemAvailable, Pss ndi VmHWM ya worker aliyense, ndi mzere wa full wa pressure. Wolemba kotereka adziwe kuti cpu_percent ya psutil imapereka 0.0 ukaiitana koyamba, chifukwa ilibe poyerekezera. Nambala yoona imayamba ulendo wachiwiri. Lipoti lenilenilo limalembanso mu log nthawi yake ya pawotchi kuchokera ku time.perf_counter, nthawi ya CPU kuchokera ku time.process_time, ndi nsonga ya memory kuchokera ku ru_maxrss. Yomalizayi inasokoneza mnzathu wina wogwiritsa ntchito Mac, yemwe anapeza nambala yooneka yaikulu ka 1,024: pa Linux ru_maxrss ili mu ma KB, pa macOS ili mu mabayiti.

Miyezi yotsatira inatsekedwa pa seva yomweyo ya 4 GB, ndipo mu journalctl -k simunapezekenso mzere wa Out of memory. Ndondomeko yogula seva yaikulu inaimitsidwa.

Masekondi 68 a CPU aja akadalipo, ndipo pafupifupi onse ndi olemba Excel. Ndinawauza kuti fayilo ya CSV ingatuluke mwachangu kwambiri, koma a ku ofesi ya ndalama anakana, ndipo chifukwa chawo n'chomveka: Excel ikatsegula CSV imadula maziro oyambirira pa manambala a mamembala ndi a foni, ndiye pamafunika munthu wokonza. Tinasiya momwemo. Malire omwe ali kutsogolo si a seva koma a Excel yomwe, poti tsamba limodzi silipitirira mizere 1,048,576. Tinagwirizana kuti lipoti likadzafika mizere 700,000, kapena nthawi yake ikadzaposa mphindi 3, lidzagawidwe nthambi iliyonse tsamba lake, ndipo kapulogalamu kaja kamatumiza uthenga kwa woyang'anira seva chimodzi mwa ziwirizi chikachitika.